Pasipoti Yonunkha Fodya

Area 25, Sekita 3
Lilongwe
14 Seputembala 2025

Okondedwa Alongo anga a Mirriam,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Cape Town, inu ndi alamu. Kuno tili bwino ndithu, kungoti kwayamba kutentha, ndipo fumbi la mu 25 mukulidziwa kale. Mudabwa kuti mlongo wanu wayamba liti kulemba makalata pomwe foni muli nayo, inenso ndili nayo. Nkhani yake ndi yoti pa foni mumandidula pakamwa, ndipo zimene ndikufuna kunenazi mukangondidula kamodzi sindizimalizanso. Ndiye ndapempha a Leston, oyendetsa thiraki aja, kuti akupatsireni pamanja. Muwerenge mutakhala pansi.

Ndiyambe ndi zokoma. Tiwale wathu akukhala bwino ku Finland, akudya, akuphunzira, ndipo masaya ayamba kale kutuluka. Akuti apita nawo kunkhalango kukayeza malo ndi makina amene kuno ankangowaona m'mabuku. Mwana wa wosankha fodya ku Kanengo, Alongo, akujambula mapu a dziko la eni! Ndikamanena kuntchito anzanga amati ndachulutsa, koma ine sindisiya.

Tsopano zinazo. Pasipoti ya Tiwale ija, imene munasala kudya masiku atatu kuipempherera kuti ipezeke, sinatayike ayi. Ndinaibisa ndine.

Musaing'ambe kalatayi, imvani kaye. Mukukumbukira mu Meyi muja Tiwale atabwera ndi uthenga woti yunivesite yawo yagwirizana ndi ina ya ku Finland kuti azisinthana ophunzira? Akuno asanu ndi mmodzi apite miyezi inayi, akumeneko abwere kuno, ndipo pa asanu ndi mmodziwo panali dzina la mwana wathu. Mlamu wanu Jenifer analulutira mpaka maneba anathamangira kuno, kuyesa kwabadwa mwana. Inenso ndinaseka, ndinagwira anthu chanza, koma mumtima ndinali ndi mafunso. Mwana amene malungo anamutseka makutu ali ndi zaka zinayi apite yekha kutsidya kwa nyanja? Galimoto ikaliza hutala iye sakumva. M'nyumba mutabuka moto, anthu n'kumakuwa, adziwa bwanji? Ku Mua kuja, kusukulu ya ana osamva kumene inu ndi ine tinakamusiya akulira, kunali koti mtima ukavuta umakwera minibasi n'kukamuona. Nanga ku Finland minibasi yake ndi iti?

Koma chimene chinkandiluma kwenikweni sindinauzepo munthu. Ine bambo wake womubala sindinkamvana naye. Zaka zonsezi zathu zinali za kapepala ndi cholembera: wadya? Inde. Mayeso ayenda? Inde. Jenifer anaphunzira chinenero chamanja kalekale, ine ndinkangoti manja anga ndi a fodya, anauma. Ndiye ndinkadzifunsa kuti ngati ineyo ndikulephera, mzungu wosamudziwa akatha bwanji?

Tsiku lina mu Juni ndinatsegula sutikesi ija timasungamo mapepala a puloti ndi mtchatho wa ukwati, n'kutengamo pasipoti. Ndinapita nayo ku Kanengo, n'kuiika m'kabokosi kakale konyamuliramo chakudya, n'kukatsekera m'loka yanga, kakabati kakuntchito kaja, pansi pa maovolosi.

Zimene zinachitika kunyumba munazimva pa foni. Nyumba inatembenuzidwa ngati mwalowa apolisi. Amayi a Mvano anabwera kudzapemphera pabalaza, ine ndili pomwepo, maso nditatsinzina, kuyankha nawo ameni. Bedi ndinanyamula ndine, kabati ndinasuntha ndine. Manyazi bwanji! Tiwale sanalire. Ankangofufuza, akatopa n'kuima n'kumandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kudenga. A kuyunivesite anati mapasipoti onse akufunika pofika Lolemba pa 30 Juni kuti akadinditse viza, ndipo yatsopano sikanatuluka m'masiku otsalawo. Ine mumtima ndinkangowerenga masiku kuti Lolembalo lidutse.

Lachinayi lake anandiimbira Zuhra, mtsikana wa ku Area 23 amene yunivesite inamulemba ntchito yomasulira Tiwale zamanja m'kalasi. Anati, "Bambo, kwabwera mphunzitsi wamkulu wochokera ku Finland, amene akuyang'anira za kusinthana ophunziraku. Wamva za pasipoti, ndiye akufuna kudzacheza kwanu Loweruka."

Ine ndinati mwayi ndi umenewu. Ndimulandira mzunguyo, tikambirana ngati akuluakulu, ndimufotokozera mwaulemu kuti mwana wotere sayenda kutali, malowo apatse wina. Ndinalemba mawu anga papepala m'Chingerezi changa cha Fomu 2, n'kumayeserera kubafa m'mawa ndi madzulo. Mipando tinabwereka kwa aneba. Nkhuku tinakazingitsa kwa mnzathu wachisilamu wa kuseri kuno kuti Zuhra asadzaone chovuta kudya. Ndinavala suti ija ndinavala pa ukwati wa mwana wanu, ndipo ndinalamula kuti zonse ziyende mwa dongosolo lakwathu: alendo pabalaza ndi mwininyumba, Tiwale kukhitchini ndi amake, adzangobwera ndi madzi osamba m'manja, agwade, abwerere.

Nthawi ya 12 koloko takisi inaima pageti. Ine ndinkayembekeza chimzibambo chachitali cha ndevu. Anatsika ndi kamayi kakafupi, ka imvi, kovala nsapato zothamangira, kachikwama kumsana. Zuhra anati, "Awa ndi a Raisa." Mayiyo atangondiona anamwetulira ngati timadziwana, n'kutambasula dzanja lamanzere, n'kulisisita ndi lamanja kuyambira pachikhatho mpaka kunsonga za zala. Ine ndinati kaya ndi moni wa kwawo, ndiye ndinabwezera chimodzimodzi. Zuhra analuma mlomo kuti asaseke.

Titakhala pabalaza ndinaimirira, ndinakonza tayi, n'kuyamba. Ndipo mukundidziwa ine ndikamayankhula Chingerezi, mawu amakwera okha. Ndinawalandira m'dzina la banja, m'dzina la Sekita 3, ndikuganiza kuti ndinatchulanso dziko lonse la Malawi. Mlendoyo sankandiyang'ana kwenikweni, maso ake anali pa Zuhra, amene manja ake ankangoyendayenda. Ine ndinati ndi matenda a ntchito, mtsikanayu anazolowera, sangakhale manja ali phe. Kenako ndinafika pamtima pa nkhani. Ndinati tikuthokoza, koma munthu wosamva sangathe kukwera ndege, kukhala m'dziko lachilendo, kudzisamala yekha, ndipo mwina kutayika kwa pasipotiku ndi Mulungu amene wayankha.

Manja a Zuhra anaima. Anati, "Bambo, izinso ndimasulire?"

Ine ndinati, "Umasulire chiyani iwe? Si Chingerezi ndikuyankhulachi?"

Iye anati, "A Raisa samva, Bambo. Chibadwire sanamvepo kanthu."

Alongo, pansi pakanang'ambika ndikanalowa ndi suti yomwe. Munthu amene ndimamuuza kuti wosamva sangakwere ndege wakwera ndege zitatu yekha kuti adzakhale pampando wobwereka m'nyumba mwanga! Ndinanong'oneza Zuhra kuti asamasulire, koma a Raisa anali ataona kale nkhope yanga, ndipo anaumirira kuti auzidwe zonse. Atauzidwa anaseka mpaka kupukuta misozi. Kudzera mwa Zuhra anati, "Musade nkhawa, bambo anga ananenanso zomwezo zaka makumi atatu zapitazo, kungoti iwo sanavale tayi." Kenako anafunsa kuti Tiwale ali kuti.

Nditanena kuti ali kukhitchini, mayiyo sanadikire kuti ndimuitane. Ananyamuka n'kulondola fungo. Mlendo kukhitchini, tsiku loyamba, chikhalirecho ndi mzungu! Ndinamva Jenifer akukuwa kuti, "Mayo ine, mapoto osatsuka!" Posakhalitsa anatulukira atatu onse, a Raisa atanyamula mbale ya mpunga, Tiwale ya nkhuku. Beseni la madzi anabwera nalo ndi Jenifer, ndipo kugwada kuja kunathera pomwepo, chifukwa mlendo anakokera Tiwale pampando woyandikana naye, pamalo pomwe ndinakonza kuti ndikhale ine.

Tinapemphera, tinayamba kudya. Ine monga mwa mwambo ndinatenga nthutumba n'kuika m'mbale ya mlendo, kuti adziwe kuti nkhukuyi inafera iye. Kungoyambira pamenepo manja anayamba kuuluka. Zuhra anandiuza mwachidule kuti zamanja za ku Finland ndi zakuno n'zosiyana, koma anthu osamva a mayiko osiyana ali ndi njira yawo yokumanirana pakati. Atatero naye analowa m'macheza, n'kundiiwala. Tiwale akuponya manja, a Raisa akuyankha, Zuhra wagwira m'mimba ndi phwete, ngakhale Jenifer, mkazi wanga yemwe, akutolako zina n'kumaseka mpaka kutsamwa mpunga. Ine ndili pakati pawo, mwininyumba, watayi, osatolapo kanthu. Akaseka ndinkaseka nawo mochedwa kuti ndisaoneke wopusa. Ndinkayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo, kudikira kuti wina andiuze chimene chaseketsa. Palibe anandiuza.

Sizinathe mphindi khumi ndi zisanu, koma ine ndinasiya kudya. Ndinakumbukira Tiwale patebulo lomwelo, madzulo alionse akakhala pakhomo, kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ife tikukamba za kuntchito ndi za kutchalitchi, iye akutiyang'ana pakamwa mmodzimmodzi, n'kumaseka nawo mochedwa. Ine ndinkati mwanayu ndi wofatsa. Zinandipweteka, Alongo, zinandipweteka kwambiri.

Amene anandiona ndi Tiwale yemweyo. Anagogoda patebulo, onse anasiya, n'kuuza Zuhra kanthu. Zuhra anati, "Akuti Ababa asatsale. Akuti chilichonse chimene chinenedwe pano ndizikuuzani." Mtsikana wa eni anasiya chakudya chake kuzizira, n'kuyamba kundipatsa mawu a mwana wanga.

Ha! Kodi mumadziwa kuti Tiwale ndi wolongolola? Anatengera inu ndithu. Ankafotokozera mlendo za nthutumba, kuti kukakhala kulibe alendo imadyedwa ndi Ababa, ndipo iye wafika chaka chachitatu ku yunivesite asakudziwa kukoma kwake, mpaka ankaganiza kuti nkhuku za ku Area 25 zimabadwa zopanda nthutumba. Anayeserera mmene kondakitala wa minibasi amamukalipira poyesa kuti akumunyalanyaza, ndi mmene amachitira manyazi akazindikira. Anandiyeserera ngakhale ine, mmene ndimayendera ndikamapita kukapereka chopereka kutsogolo. Ndinaseka mpaka kukhosi kuwawa. Ndinafunsa kuti nanga bwanji sanandiuze kuti mlendo wake samva. Anati, "Simunafunse." Jenifer naye anathira ndemanga, "Ine ndikanakuuzani, bambo a Tiwale, koma munali otanganidwa ndi Chingerezi kubafa."

Ndipamene ndinafunsa za moni uja wa pageti. Zuhra anati si moni ayi, ndi dzina langa. Akuti anthu osamva satchulana mayina a pa chiphaso, amapatsana dzina la m'manja potengera chimene munthu amakonda kuchita. Langa Tiwale anandipatsa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ku Mua, chifukwa chilichonse chimene ndagwira ndimachiwongola pachikhatho ngati tsamba la fodya, kaya ndi kalata, kaya ndi mpango. Akuti ngakhale pamene ankadwala malungo aja, chimene amakumbukira ndi dzanja langa likumuwongola tsitsi choncho. Anzake onse a ku Mua amandidziwa ndi dzina limenelo, a ku yunivesite amalidziwa, mpaka linafika ku Finland, mwini wake ndisakulidziwa.

Titamaliza kudya a Raisa anasiya nthabwala. Anati iwo anachita kumenyera nkhondo kuti pa ophunzira osinthanawa pasamasowe olumala, chifukwa kale ankasankha okhawo osavuta kuyenda nawo. Anati Tiwale sanasankhidwe chifukwa cha chisoni, mapu ake ndi amene anaposa a anzake. Anandiuza kuti Zuhra apita nawo, kuti chipinda chogona chili ndi nyale imene imaphethira wina akagogoda kapena kukabuka moto, zonse zimene ndinkaopa anali atazikonza kale ine ndisanaziganize. Koma anati Lolemba likadutsa popanda pasipoti, palibe chimene angachite.

Tiwale anandiyang'ana m'maso, n'kuyankhula pang'onopang'ono, Zuhra akumasulira: "Musadandaule. Ababa amaona kachilema pa tsamba la fodya kamene anzawo onse akaphonya. Akafunafuna bwino, aipeza."

Ankadziwa, Alongo. Ankadziwa kuyambira tsiku loyamba, ndipo sanandiyalutse pamaso pa alendo, kapena pa amake, kapena pa amayi a Mvano. Pambuyo pake anandiuza kuti tonse tikufufuza, ine ndekha ndi amene ndinkanyamula zinthu osayang'ana pansi pake.

Ndinapempha alendo kuti asachoke, amwe kaye tiyi. Ndinatuluka ndi suti yomweyo, ndinakwera kabaza wa njinga yamoto mpaka ku Kanengo. Mlonda wa pageti anadabwa, anati, "Madala, Loweruka masana ndi tayi, akukwezani pantchito?" Ndinangolunjika ku loka yanga, n'kutenga pasipoti. Pobwerera ndinagwira thumba la jekete njira yonse ngati muli dzira.

Nditalowa m'nyumba ndinapita pamene anakhala Tiwale. Tsiku limenelo anagwada ndine. Ndinamuika pasipoti m'manja, n'kufunsa Zuhra kuti pepani amanena bwanji. Anandionetsa, ndinachita ndi manja anga ouma aja, mokhotakhota. Tiwale anatenga pasipoti, n'kuinunkhiza, n'kutsinzina. Kenako anauza Zuhra kuti, "Fodya wa giredi yoyamba." Tonse tinaphulika kuseka, ine ndikuseka misozi ikutsika, iye atandikumbatira m'khosi. Jenifer yekha ndi amene sanaseke msanga. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Inu, tikambirana alendo akapita." Ndipo tinakambiranadi, makutu anga akulirabe mpaka lero. Akuluakulu sananame kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ine kanandimeta bwinobwino.

Kuyambira sabata yotsatira Tiwale anayamba kundiphunzitsa zamanja, madzulo alionse ndikaweruka. Mphunzitsi wankhanza ameneyo! Ndikalakwitsa ankandimenya pa zala ndi supuni. Tsiku loti mawa anyamuka tinazinga nkhuku ina, ndipo nthutumba ndinaika m'mbale mwake. Anaitafuna nthawi yaitali, kenako n'kunena kuti zaka zonsezi ankadandaula pachabe, ndi yolimba ngati labala.

Ku bwalo la ndege ku Lumbadzi kunadzaza makolo a ana onse asanu ndi mmodzi. Ana atalowa m'kati, tinatsala tikuwaona kuseri kwa galasi. Makolo anzanga anayamba kukuwa, "Ukafika uimbe! Usakataye jekete!" Ana kuseri kuja akungogwira makutu, kupukusa mitu, osamva kanthu. Ine ndinakweza manja. Ndinamuuza kuti apite bwino, adye, avale zofunda, ndiponso kuti ndimamukonda, mawu amene pakamwa panga sanatulukepo chibadwire chake. Iye anandikonza chala chimodzi chimene ndinapinda molakwa, ali kuseri kwa galasi komweko, kenako anayankha zonse. Gogo wina amene anaperekeza mdzukulu wake anandikoka jekete, amvekere, "Bambo, tauzani mwana wanuyo auze Collins wanga kuti asakaleke kupemphera." Ndinauza Tiwale, Tiwale anakodola Collins, uthenga unafika, mnyamatayo n'kugwedeza mutu kwa agogo ake. Pa makolo tonse tinali pamenepo, amene tinatsanzikana bwinobwino ndi mwana wathu tinali ine ndi Jenifer. Atatsala pang'ono kukhota, Tiwale anatembenuka, n'kutambasula dzanja, n'kuliwongola pachikhatho. Ndinalira pagulu, ndipo sindinachite manyazi.

Ndiye Alongo, ndakuuzani zonse. Mundikhululukire chifukwa cha masiku atatu aja munagona ndi njala pa mlandu wa ine. Mukafuna kundikalipira imbani, ndikhala chete mpaka mumalize. Amayi a Mvano ndinakawapepesa kale, anati Mulungu anayankhabe pemphero lawo, kungoti anadzera ku Kanengo.

Pempho langa ndi limodzi. Tiwale abwera pa 20 Disembala, ndipo ophunzira awiri a ku Finland amene ali kuno tawaitana kuti adzadye nafe Khirisimasi. Chaka chino musapereke zifukwa, mubwere. Sindikufuna nsapato kapena wailesi, ndikufuna inuyo pampando.

Jenifer akupereka moni, akuti mafuta aja analandira. Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Moni womaliza ndi wa mwana wanu Tiwale. Tinacheza naye pa vidiyo lero titachoka kutchalitchi, Jenifer ali kukhitchini, ine ndekha ndi iye, popanda womasulira, popanda kapepala. Anati ndikuuzeni kuti wakusowani, ndiponso kuti sanaiwale amene anamubereka kumsana pokwera mtunda wa ku Mua. Ndinamva zonse ndekha, Alongo, sanachite kubwereza. Inunso muli nalo dzina lanu la m'manja, anakupatsani kalekale. Wandionetsa, ndipo ndaseka mpaka kugwetsa foni, koma papepala silingalembeke. Mukabwera adzakuitanani nalo yekha.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Amosi,
uja amawongola tsamba pachikhatho.